Dzira Linasweka M'manja mwa Achemwali

Kwathu kunali kwabwino. Bambo ankasoka zovala pakhonde, mayi ankaphunzitsa kusukulu, ndipo khomo lathu silinkabweza munthu. N'chifukwa chake azakhali atathawa nkhanza za amuna awo, diso lili lotupa, mwana ali kumbuyo, anathamangira kwathu. Poopa kuti amuna awowo angawalondole, mayi anawapezera kachipinda kuseri kwa nyumba ya namwino wina, mnzawo wa kutchalitchi. Kupatula namwinoyo, odziwa malowo tinali a m'nyumba mwathu tokha.

Tsiku lomwelo mayi anasonkhanitsa mafoni onse patebulo, naikamo pulogalamu yokhoma mauthenga kuti wina asawawerengere panjira.

"Uthenga wa muno uli ngati nyumba yopanda khomo ija ya m'chilape," anatero.

"Dzira!" ndinakuwa ine, poti zilape ndiye chakudya changa.

"Eya, dzira. Koma dzira limasweka m'manja mwa wolinyamula. Nambala yotsegulira foni musapatse munthu, ngakhale abusa."

Achemwali anga, amene tinkawatcha Chidole chifukwa chokonda galasi, anangoyasamula. Chonsecho mufoni mwawo ndimo munali uthenga wolondolera njira ya kwa azakhali, poti ndiwo ankakapereka chakudya.

Achemwaliwo anali ndi chibwenzi, mnyamata woyendetsa njinga yamoto, wamano oyera mbee. Bambo anawachenjeza: "Iwe, mnyamata uja amamwera limodzi ndi amuna a azakhali ako. Ndawaona ndi maso angawa."

"Inu bambo, aliyense mumamuona ngati mfiti," anayankha akupaka milomo.

Loweruka masana ndinawapeza achemwali ndi mnyamata uja kuseri kwa golosale.

"Foni yako imakhomedwa ngati banki," anatero mnyamatayo. "Ukubisamo ndani?"

"Palibe. Ndi zakunyumba chabe."

"Zakunyumba! Ndiye ine ndine wakutchire eti? Okondana sabisirana. Basi, tsala nayo foni yakoyo, ikukwatire."

Analiza njinga. Achemwali anamugwira malaya, namunong'oneza manambala asanu ndi limodzi. Asanu ndi limodzi basi! Kenako anamusiyira foniyo, iwo n'kulowa m'golosale kukamugulira chakumwa. Kumugulira chakumwa! Ine ndinaona chala chake chikutsetsereka pafoni, kenako akuimbira munthu pa yake. Ndinathamanga kukauza mayi, koma miyendo ingapose njinga yamoto?

Mmene tinkafika kwa namwino, chitseko chinali pansi. Azakhali anali thapsa pakona, mkono wothyoka. Pakhomo panali kansapato kamodzi. Mwana anali atatengedwa ndi bambo ake, ndipo mpaka lero apolisi akumufunafuna.

"Koma mayi, munati mauthenga aja ndi okhoma!" analira achemwali.

"Ndi okhoma, inde. Wakuba sanathyole loko. Kiyi unamupatsa ndiwe."

Mnyamata uja sanaonekenso, ndi mano ake omwe. Azakhali tsopano amagona m'chipinda mwanga, kansapato kaja kali pansi pa pilo. M'mawa uliwonse achemwali amawabweretsera madzi osamba, osapaka milomo, maso ali pansi. Azakhali amangotembenukira kukhoma.

Anzanganu, mtima wanga ukuwirabe. Khomani mauthenga anu, khomani mafoni anu, ndipo wokupemphani nambala kuti aone ngati mumamukonda, muthaweni. Mufoni mwanumo simuli zinsinsi zanu zokha. Muli malo amene munthu wina wabisala, ndi mwana amene wamubereka kumbuyo.