Mapiritsi Opanda Mzere

Anabwera ndi ovololo yong'ambika pabondo, akuyenda mopendama ngati wasenza thumba la simenti. Telala anali pamakina ake, pakhonde la sitolo, ulusi uli pakamwa.

"Asisi, ndipulumutseni. Bondo langali likuonera dziko."

"Isiyeni pamenepo. Mubwere mawa."

"Nanga lero ndigwira ntchito nditavala chiyani?"

"Mukafunse amene anaing'amba."

Mwamunayo anaseka, n'kukhala pabenchi pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana. Anali makaniko wa pagalaja ya kuseri kwa msika. Anati chaka chatha jeke inaterereka iye ali pansi pa galimoto, ndipo msana sunabwererenso mwakale. Anadikira mpaka ovololo inasokedwa. Mawa lake anabweranso ndi malaya opanda batani.

"Batani ili mwachita kulidula ndi lumo," anatero Telala.

"Ndiye ndizibwera ndi chifukwa chanji? Ndiuzeni, Kasingano, ndikachifune."

Dzinalo linamukanirira. Nayenso anayamba kumutchula kuti Bwana Sipanala. Pasanapite nthawi "inu" anatha, panatsala "iwe", ndipo foni ya Telala sinkapumanso.

"Kasingano wanga, wandibaya pamtima ndipo sindikufuna dokotala."

"Gwira ntchito, Bwana Sipanala. Magalimoto a eni ake akudikira."

"Adikire. Ine ndadikira iwe moyo wanga wonse."

Mawu otere sagula sopo, koma mtsikana wotopa amawamwa ngati madzi. Ndipo Telala anali wotopa zedi. Kunyumba anali ndi mayi ake okha, khansa itawalowa m'mafupa, maso nawo atachita ng'ala. Mwezi ndi mwezi ankatseka makina n'kukaima pamzere kuchipatala kuti awatengere mapiritsi amphamvu opha ululu.

Makaniko atafika panyumbapo, anachita zonse zimene mwamuna wabwino amachita. Anawotcherera mwendo wa bedi la mayi. Anathira girisi njinga yawo ya olumala mpaka inasiya kulira. Ankawanyamula ngati khanda n'kukawakhazika padzuwa.

"Mkamwini wanga uyu," ankatero mayi. "Ameneyu ukamutaya, usadzabwerenso pakhomo pano."

Tsiku lina anamugwira Telala manja onse awiri.

"Katundu uyu sudzasenzanso wekha. Za kuchipatala undisiyire, ndizikatenga ine. Mayi ako ndi mayi anga."

Telala analira. Ndi mwana wamkazi uti amene sakanalira? Anapita naye kuchipatala n'kukamudziwikitsa kwa anamwino. Mwezi wotsatira, mphete inali pachala, ndipo nsalu yoyera ya diresi inali itapindidwa m'kabati.

Kenako mayi anayamba kubuula. Poyamba ankangofinya maso. Pambuyo pake ankaluma pilo, thukuta lili kamukamu. Chakudya chinkabwerera m'mbale momwemo. Telala anati matenda akula basi.

Makaniko nayenso anasintha. Ankasinza masana, nkhani ili pakati. Tsiku lina wokoma ngati shuga, lina wolusa, manja akunjenjemera. Mwini galaja anadandaula kuti anatulutsa galimoto ya kasitomala mabawuti a tayala asanamangidwe. Telala anati ndi msana uja. Zonse ankaziona, koma chilichonse ankachipezera chifukwa.

Mayi anali ndi khalidwe lawo: mankhwala ankamwa okha. Botolo linkakhala pansi pa pilo, ndipo ankati akadali ndi manja, sakufuna kudyetsedwa ngati mwanapiye. Koma Lamulungu lina m'mawa zala zinakana.

"Tandithyolere, mwana wanga. Lathunthu silidutsa pakhosi. Awa alibe mzere pakati, chikhadabo changa chikulephera."

Telala anayang'ana piritsilo m'manja mwake. Linali loyera, lozungulira, losalala.

"Akale aja anali ndi mzere, mayi."

"Anali nawo."

"Asintha liti?"

Mayi anatembenukira kukhoma.

"Mayi, ndakufunsani."

"Chiyambire kukatitengera mkamwini."

"Ndiye simunanene?"

"Maso anga ndi amene anafa, makutu ayi. Ndinkamumva kukhitchini akukhuthula botolo, n'kuikamo ena."

"Munkadziwa? Miyezi yonseyi mukuluma pilo, mukudziwa?"

"Chimwalirire bambo ako sindinakumvepo ukuseka. Wabwera uyu, wayamba kuimba ukutsuka mbale. Ndinati ine ndi wopita kale, ndipirire mpaka ukwati."

Telala anakhala pansi pa simenti. Kulira sanalire.

Lolemba sanatsegule makina. Anatenga botolo lija n'kupita nalo kwa anamwino. Iwo anathira mapiritsi m'dzanja, n'kupukusa mutu.

"Awa ndi a mutu, ogula pagolosale. Mayi anu akhala akulimbana ndi khansa ndi zimenezi?"

"Ndi chibwenzi changa chachita. Ndikamumangitse?"

"Zimenezo muona nokha. Ine ndikuuzani zimene ndikudziwa. Munthuyo akudwala. Mapiritsi amenewa akagwira munthu, amaba ngakhale kwa mayi ake omubereka. Musamuuze kuti angosiya lero lomwe payekha, thupi limavuta kwambiri. Abwere aonane ndi adokotala, amutsitse pang'onopang'ono. Musakalankhule naye nokha, mutenge wachibale amene amamumvera. Ndipo a mayiwa muziwakiyira."

Adokotala analemba ena. Telala anadutsa pamsika n'kugula loko.

Ali m'njira, uthenga wa Makaniko unalowa pafoni. "Kasingano, lero sindinaone nkhope yako. Dzuwa latuluka pachabe."

Sanayankhe. Anaimbira achimwene ake a Makaniko, omwe ankayendetsa lole.

"Mlamu, ndinkaopa zomwezi," anatero mkuluyo atamva. "Adokotala ake anamuletsa mapiritsi kalekale. Anandilumbirira kuti anasiya."

"Ndiye munandibisira bwanji, alamu?"

"Ndinkati chikondi chimuchiritsa."

"Aliyense ankati chikondi. Amene ankamva ululu ndi mayi anga."

Mawa lake m'mawa anamupeza pagalaja akutsegula boneti. Ataona awiriwo ali limodzi, kumwetulira kunathawa. Telala anaika botolo pamwamba pa batire.

"Awa ndi a chiyani?"

"Si a mayi awa? Mwina kuchipatala asintha kampani."

"Ndachokera komweko."

"Ndiye ukunditenga ngati wakuba? Ine amene ndimawanyamula mayi ako? Achimwene, mukumva chipongwe chimenechi?"

"Khala pansi, mng'ono wanga," anatero mkuluyo. "Usawonjezere bodza pa bodza."

Makaniko anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna potulukira. Kenako anakhala patayala, nkhope n'kuibisa m'manja akuda ndi oyilo.

"Ndinangotenga limodzi. Msana unkandipha. Ndinati ndibweza. Kenako awiri. Kasingano, ndikapanda kumwa mafupa onse amayaka."

"Unandifunsira ine kapena botolo?"

"Iwe! Ndikulumbira, pobwera ndi ovololo ija sindinkadziwa n'komwe kuti mayi akudwala."

Telala anakhulupirira zimenezo, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri. Bola akanakhala tambwali kuyambira pachiyambi.

"Funso limodzi lokha. Ukakhala pakhonde paja, unkawamva akubuula?"

Makaniko anatola sipanala pansi n'kuiikanso pomwepo.

"Unkawamva?"

"Ndinkawamva."

"N'kubwera kudzandipsompsona."

Mwini galaja, yemwe anaima chapatali, anazimitsa wailesi.

"Nyamuka," anatero Telala. "Adokotala akudikira. Ukakana, ndikuchoka pano kupita kupolisi, ndipo sindikuopseza."

Anapita atatu, Makaniko ali pakati. Pabenchi ya kuchipatala ankanjenjemera, mphuno ikuchucha ngati mwana. Telala anamupatsa kansalu kopukutira. Anamugulira madzi. Dzanja lake sanaligwire.

"Ndisintha, wokondedwa. Ndipatse miyezi yochepa, udzaona mwamuna watsopano. Udzandidikira eti?"

"Tsiku lililonse lobwera kuno ndizikuperekeza, ine kapena achimwene. Ukafuna kuthawa, undiimbire, ndidzayankha. Sindikufuna ufe."

"Nanga ukwati?"

Telala anavula mphete. Inavuta pang'ono pamfundo ya chala. Anaiika m'thumba la pachifuwa la ovololo ija, yomwe anasoka yekha, n'kutseka batani.

"Pakhomo pathu usaponde."

"Kasingano..."

"Akuitana dzina lako. Lowa."

Anaimirira mopendama, dzanja pamsana, monga tsiku loyamba lija. Pakhomo anacheuka. Achimwene ake anamukankha pang'ono paphewa, chitseko n'kutsekeka.

Kunyumba, Telala anatsegula loko wa kabati. Botolo latsopano linali pamwamba pa nsalu yoyera ija, poti kunalibe malo ena okiyika. Anatenga piritsi limodzi, n'kuika chikhadabo pamzere. Linathyoka bwinobwino pakati.

Mayi anameza, n'kubweza kapu.

"Walowa kwa adokotala?"

"Walowa."

"Anadya kanthu asanapite?"

"Mayi, chonde."

"Ndangofunsa."

Posakhalitsa nkhope yawo inamasuka, zala zinasiya kufinya bulangeti, ndipo anagona tulo tomwe sanagonepo miyezi yonseyo. Foni inanjenjemera patebulo. "Andipatsa tsiku lobweranso, Lachisanu. Ndikuopa, Kasingano."

Telala anawerenga kawiri. Anayankha kuti, "Ndidzakupeza pageti la chipatala."

Anayamba kulemba kuti Bwana Sipanala, poti chala chinazolowera. Anafufuta, n'kutumiza choncho.