Makala a mu Sienta ya a Lameck

Lachiwiri cha m'ma 9 koloko m'mawa, Clifford anafika kwa a Lameck ku Golomoti ndi masipanala m'jumbo. Anali makaniki, komanso mwana wa mlongo wawo. Sienta ya a Lameck, yonyamulira anthu opita ku Mtakataka, inkayatsa kanyali kachikasu ndipo inkamwa mafuta ngati chidakwa. Galimotoyo ndiyo inkawadyetsa. Munda wa mpunga ku Bwanje anagulitsa kuti aigule.

"Ndi sensa, kachida koyeza utsi ka pa ekizozi, amalume. Tisinthira pakhomo pompano. Kugalaja angakubereni."

Analowa pansi pa galimoto, anagogoda, n'kutuluka.

"Yagwira dzimbiri. Kaguleni mafuta a mabuleki tiifewetse."

A Lameck anauyamba wapansi. Pobwera patatha ola, anapeza Clifford akusamba m'manja, ntchito yatha. Ndalama anakana.

"Pachibale sitilipitsana, amalume."

Atailiza masana, galimoto inabangula ngati chigayo. Utsi unkanunkha, kanyali kali chiyakire. Foni ya Clifford inali yozimitsa.

"Mwana uja ngwabodza," anatero akazi awo, a Namaliya. "Ndinamumva pafoni akuti, 'Makala ndatenga, tikumane Lachinayi pa Mtakataka.' Ndinathamangira kukhitchini, thumba langa la makala lili chimangire. Nanga makala ake ati?"

M'mawa mwake anakanena kupolisi. Sajeni Mathews Chagwa atamva mawuwo anaika cholembera pansi.

"Mayi, makala si a pambaula okha. Ena amakhala m'kati mwa ekizozi, osefa utsi. Akuba amawaswa ndi chitsulo n'kukagulitsa pa sikelo."

A Namaliya anagwira pakamwa. "Ndiye kugogoda kuja? Anandipempha kathumba kanga ka mbewu. Ndinamupatsa ndekha!"

Lachinayi cha m'ma 11 koloko, Sajeni Chagwa ndi mnzake anakhala pa benchi ya wogulitsa tchipisi pa Mtakataka, atavala zovala wamba. A Lameck anabisala m'golosale. Clifford anatsika pa kabaza n'kuzungulira kuseri kwa shedi yowotcherera zitsulo. Kumeneko kunali munthu wa sikelo. Kathumba ka Clifford katangokolowekedwa pa sikelopo, apolisi anatulukira. Wa sikelo anasiya nsapato imodzi n'kulowa m'chimanga. Apolisi anamugwira Clifford pa lamba.

"Bwana, awa ndi a minibasi ya mnzanga."

"Mnzakoyo amasokera zigamba kwa mayi Namaliya?" Sajeni anatembenuza kathumbako. Pansi pake panali chigamba cha chitenje chofanana ndi chomwe a Namaliya anavala tsiku lokadandaula.

Clifford anaona a Lameck akubwera.

"Amalume, tikakambirane kunyumba."

"Kunyumba n'komwe unandibera."

Khothi linamupatsa chaka ndi miyezi isanu ndi umodzi. Apolisi anawabwezera a Lameck kathumba kawo. Munali ufa wotuwa wosabwereranso m'galimoto. Sensa nayo inapezeka kuti ndi yakale yomwe ija, anangoikwecha ndi phulusa.

Mlongo wawo, mayi ake a Clifford, anasiya kuwapatsa moni. Pa maliro amauza anthu kuti mchimwene wake anamangitsa mwana chifukwa cha fumbi.

Sienta ikuyendabe. Anthu pa siteji amaimva ikadali kutali, n'kuyang'ana kumbali kudikira ina. Botolo la mafuta a mabuleki lili pawindo mpaka lero, losatsegula.