Chala cha Mwawi ndi Manda a Mafumu

Uyu ndi Mwawi. Mwawi ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Amakhala ku Maddington, mu mzinda wa Perth. Amakhala ndi Amami, Adadi ndi mng'ono wake Tasha.

Mwawi saopa agalu. Saopa jakisoni. Saopa ngakhale akangaude a kuseri kwa nyumba. Koma panali chinthu chimodzi chimene Mwawi ankaopa. Mwawi ankaopa manda.

Amami ndi namwino. Amagwira ntchito kuchipatala ku Fremantle. Mnzawo wa kuntchito ndi Anti Farida. Anti Farida ndi Msilamu. Kwawo ndi ku India, mu mzinda wa Delhi.

Loweruka lina, Anti Farida anafika pakhomo.

"Odi!" anatero Anti Farida. Mawu amenewa anawaphunzitsa ndi Amami.

"Odini!" anayankha Mwawi.

Anti Farida anabweretsa samusa zotentha. Anabweretsanso nkhani yabwino.

"Ndikukwatiwa!" anatero Anti Farida.

Amami anaimba nthungululu. Adadi anawomba m'manja. Tasha anavina ali ndi samusa kukamwa.

"Ukwati ukachitikira kwathu ku Delhi," anatero Anti Farida. "Nonse mubwere pa holide. Ndipo iwe Mwawi, ndikakuonetsa malo amene ndinkasewera ndili mwana."

"Kuli katungwe, Anti?" anafunsa Mwawi.

"Ayi," anaseka Anti Farida. "Kuli manda a mafumu akale."

Mwawi anasiya kutafuna.

Lamulungu anapita kutchalitchi. Atatuluka, Mwawi anakumana ndi Ronnie. Ronnie ndi mnyamata wamkulupo. Anachokera ku Lilongwe chaka chatha. Mwawi anamuuza za ulendo uja.

"Kumanda?" anatero Ronnie. "Iwe! Ana sapita kumanda."

"Koma ndi manda a mafumu," anatero Mwawi.

"Manda ndi manda basi," anatero Ronnie. "Ndipo usakaloze. Ukaloza manda, chala chimapindika. Sichiwongokanso."

Mwawi anayang'ana chala chake. Chinali chala chabwino. Chinali chala chojambulira zithunzi. Mwawi anachibisa kumbuyo.

Tsiku la ulendo linafika. Anakwera ndege. Ndege inauluka, inauluka, inauluka. Tasha anagona. Adadi anagona. Mwawi sanagone. Ankaganiza za manda.

Ku Perth kunali kotentha. Koma ku Delhi kunali kozizira. Amami anamuveka Mwawi jekete lofiira. Jekete lija linali ndi matumba awiri. Mwawi anakondwa. Anapisa manja onse m'matumba.

M'mawa mwake Anti Farida anabwera kudzawatenga. Anakwera timagalimoto ta mateyala atatu. Pamsewu panali phokoso. Pipiii! Pipiii! Tasha ankaseka. Mwawi anali chete.

"Wadwala, mwana wanga?" anafunsa Amami.

"Ayi, Amami," anatero Mwawi. "Ndikungomva kuzizira."

Anatsika pa geti lalikulu.

"Tafika!" anatero Anti Farida.

Mwawi anatsinzina. Ankaganiza kuti aona mdima. Ankaganiza kuti aona mitengo yowirira. Kenako anatsegula diso limodzi.

Anaona kapinga wobiriwira. Anaona maluwa achikasu. Anaona ana akumenya mpira. Anaona banja lina likudya pa mkeka. M'mitengo munali zinkhwe zobiriwira.

"Zinkhwe ngati za ku Perth!" anatero Mwawi. "Nanga manda ali kuti?"

"Ndi awo," anatero Anti Farida.

Anti Farida analoza ndi chala. Mwawi anadzidzimuka. Anayang'ana chala cha Anti. Koma Anti anali atabweza kale dzanja mu nsalu yawo.

Patsogolo panali nyumba yaikulu yamiyala. Inali yaitali kuposa mitengo. Denga lake linali lozungulira. Linali ngati mphika waukulu wovundikira. Pambali pake panali timadenga ting'onoting'ono. Tinali ngati timaambulera tamiyala.

"Umo munagona mfumu yachisilamu," anatero Anti Farida. "Mafumu amenewa ankatchedwa masulutani. Papita zaka zoposa mazana asanu."

"Mazana asanu!" anatero Adadi. "Ndipo denga silinagwe?"

"Silinagwe," anatero Anti Farida.

"La shedi yathu linagwa chaka chimodzi chisanathe," anatero Amami.

Adadi anakanda kumutu. Onse anaseka. Mwawi anamwetulira pang'ono. Koma manja anali m'matumba.

Anayenda mozungulira nyumba ija. Inalibe ngodya zinayi ngati nyumba ya ku Maddington. Inali ndi mbali zisanu ndi zitatu. Mbali iliyonse inali ndi makomo. Makomowo anali opindika pamwamba ngati uta.

"Tiyeni tilowe," anatero Anti Farida.

"Ine ndidikira panja," anatero Mwawi.

"Palibe vuto," anatero Anti Farida. "Tiyambe tajambula zithunzi."

Adadi anatulutsa foni. Amami ndi Anti Farida anapita kukaima pa maluwa. Adadi anabwerera m'mbuyo. Anabwereranso m'mbuyo. Ankafuna kuti denga lonse lioneke.

"Mwawi, umugwire dzanja Tasha!" anafuula Amami.

"Chabwino, Amami!" anayankha Mwawi.

Koma Mwawi sanatulutse dzanja. Ankaopa kuti chala chingaloze chokha.

"Ima pompano, Tasha," anatero Mwawi.

Tasha anaima. Kenako pa kapinga panadutsa kanyama. Kanali ndi mizere kumsana. Kanali ndi mchira waubweya.

"Gologolo!" anakuwa Tasha.

Gologolo anathamanga. Tasha anathamanga. Gologolo anakwera masitepe. Tasha anakwera masitepe. Gologolo analowa m'manda. Tasha analowanso!

"Tasha, bwerera!" anaitana Mwawi.

Tasha sanabwerere.

"Amami! Adadi!" anaitana Mwawi.

Amami ndi Adadi anali patali. Zinkhwe zinali kuchita phokoso. Palibe anamva.

Kenako Mwawi anamva kulira. Anali Tasha. Ankalira mkati mwa manda.

Mtima wa Mwawi unagunda. Gu! Gu! Gu! Koma Tasha ndi wamng'ono. Tasha anali yekha. Mwawi anatulutsa manja m'matumba. Anathamanga. Anakwera masitepe. Analowa.

Mkati munali mozizira. Munali kuwala pang'ono. Pansi panali ziliza zamiyala. Tasha anaima pakati, misozi ili mbwembwembwe.

Mwawi anamukumbatira.

"Ndabwera," anatero Mwawi. "Usalire."

"Muli munthu muno," ananong'ona Tasha. "Akundiyankha."

Tsitsi la Mwawi linaima. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Sanaone munthu.

"Ndani?" anafunsa Mwawi mokweza.

"Ndani… ndani…" anayankha mawu.

Tasha anabisa nkhope mu jekete la Mwawi.

"Ndine Mwawi!" anatero.

"Mwawi… Mwawi…" anayankha mawu.

Mwawi anaganiza. Mawu aja anali aang'ono. Anali mawu a mtsikana. Anali ngati ake.

"Samusa!" anakuwa Mwawi.

"Samusa… musa…" anayankha mawu.

Mwawi anaseka. Mawu aja anasekanso.

"Tasha, mulibe munthu," anatero Mwawi. "Ndi mawu athu omwe. Akugunda denga. Kenako akubwerera."

Tasha anatulutsa nkhope.

"Gologolo," anatero Tasha pang'onopang'ono.

"Golo… golo…" linayankha denga.

Tasha anapukuta misozi. Anayamba kuseka.

Mwawi anakweza maso. Ankafuna kuona kumene mawu akuchokera. Anangoti kukamwa yasa.

Denga linali kutali, kutali. Pakati pake panali duwa lalikulu lozungulira. Linali ndi mitundu yofiirira ndi yobiriwira. Panali mizere yolukanalukana ngati dengu. Mizereyo inkapanga nyenyezi. Panalinso zilembo zokhotakhota. Zinali ngati nthambi za dzungu.

Amami, Adadi ndi Anti Farida analowa akuthamanga.

"Ana inu!" anatero Amami. "Mwatiopsa!"

"Amami, taonani!" anakuwa Mwawi. "Taonani duwa! Taonani nyenyezi!"

Mwawi analoza kumwamba. Analoza kumanja. Analoza kumanzere. Kenako anakumbukira.

"Mayo, chala changa!" analira Mwawi.

Anachigwira ndi dzanja linalo. Anaopa kuchiyang'ana.

"Chatani chala?" anafunsa Amami.

"Ronnie anati ndikaloza manda chipindika," anatero Mwawi.

Amami anagwada. Anatenga chala chija. Anachiyang'ana kutsogolo. Anachiyang'ana kumbuyo. Amami ndi namwino, amadziwa zala.

"Pinda," anatero Amami. Mwawi anapinda.

"Wongola," anatero Amami. Mwawi anawongola.

"Chala ichi chili bwinobwino," anatero Amami.

"Ndiye Ronnie ananama?" anafunsa Mwawi.

"Ifenso tinkauzidwa zomwezo tili ana," anatero Adadi. "Akuluakulu ankafuna kuti tizilemekeza manda."

"Pepani, Amami," anatero Mwawi. "Sindinamugwire dzanja Tasha."

"Unalakwitsa," anatero Amami. "Koma unamutsatira. Pamenepo wachita bwino."

"Tsopano tiyankhule motsitsa," anatero Anti Farida. "Muno anthu anagona."

Onse anatsitsa mawu. Denga nalo linatsitsa mawu.

"Anti, zilembo izo zikuti chiyani?" ananong'ona Mwawi.

"Ndi Chiarabu," anatero Anti Farida. "Ndi mawu a m'Korani, buku lathu loyera."

"Nanga chithunzi cha mfumu chili kuti?"

"Mulibe," anatero Anti Farida. "Pamalo ngati ano sankajambula nkhope za anthu. Ankajambula maluwa. Ankajambula nyenyezi. Ankalemba mawu a Mulungu mokongola."

"Anakwera bwanji pamwamba paja?" anafunsa Mwawi.

"Anamanga nsanja zamitengo," anatero Anti Farida. "Ankagwira ntchito khosi lili chagada."

Mwawi anayesa kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali. Khosi linamupweteka.

Adadi anapita pambali. Anavula chipewa. Anaima pafupi ndi chiliza chimodzi. Mwawi anawagwira dzanja.

"Adadi, mukuopa?" anafunsa Mwawi.

"Ayi, mwana wanga," anatero Adadi. "Ndakumbukira bambo anga, agogo ako. Anagona ku Ntcheu."

"Ali ndi denga lalikulu chonchi?"

"Ayi," anamwetulira Adadi. "Ali ndi mtengo wa msuku. Umawapatsa mthunzi."

"Ndikufuna ndidzakaone," anatero Mwawi.

Adadi anamufinya dzanja.

"Tidzapita limodzi," anatero Adadi.

Anatuluka panja. Dzuwa linali litawala. Anapita ku manda ena. Kumeneko kunali matailosi abuluu pakhoma. Ambiri anagwa kalekale. Otsalawo ankanyezimira. Mwawi anakhala pa kapinga. Anapempha pensulo ndi pepala kwa Amami. Anajambula denga lozungulira. Anajambula makomo a uta. Dzanja linalo linagwira Tasha.

Ukwati wa Anti Farida unali wokoma. Kunali ng'oma. Kunali mpunga wonunkhira. Adadi anadya tsabola wambiri mpaka anatuluka misozi.

Kenako anabwerera ku Perth. Ku Perth kunali kotenthabe. Tsiku lina Adadi anati, "Tiyeni kunyanja." Anakwera galimoto. Anapita ku Rockingham.

Ana ena ankakumba maenje mu mchenga. Mwawi anatenga mbale ya zipatso. Anakhuthula mphesa zonse pa nsalu.

"Mbale yanga!" anatero Amami.

"Ndibweza, Amami," anatero Mwawi. "Ndikumanga manda a mfumu."

Mwawi anawunjika mchenga. Anadzaza mbale. Anaivundikira pamwamba. Anaichotsa. Denga linagumuka. Phwa!

Anayesanso. Linagumukanso. Phwa!

"Mchenga wauma," anatero Adadi. "Tiuthire madzi."

Adadi anatunga madzi. Mwawi anadzaza mbale. Anatsindira ndi manja. Anaivundikira. Anaichotsa pang'onopang'ono.

Denga linaima!

Amami anaboola makomo ndi supuni. Tasha anatola tizigoba.

"Matailosi!" anatero Tasha. Anatimata pakhoma.

Mwawi anatenga kamtengo. Anajambula maluwa. Anajambula nyenyezi.

"Koma mfumu yake ndani?" anafunsa Adadi.

Mwawi anaganiza.

Pomwepo mu mchenga munatuluka kankhanu. Kanayenda chammbali. Kanaima pakhomo. Kanakweza manja ake awiri. Kenako kanalowa.

"Mfumu yabwera!" anakuwa Tasha.

"Koma iyi ndi yamoyo," anatero Adadi.

"Ndiye ingogonamo masana okha," anatero Mwawi. "Shhh! Yankhulani motsitsa."

Onse anakhala pa mchenga mozungulira. Anadya mphesa mwakachetechete. Ndipo mfumu inagona tulo tabwino.