Mkulu Amene Anazula Chingwe

Linali Lachisanu madzulo, mawa lake chikondwerero cha kanivalo, ndipo mzinda wonse wa Barranquilla unali kale m'misewu. Ng'oma zinkamveka mpaka mu ofesi ya pamwamba, mmene Yuliana Barraza anatsalira ndi mnzake wa pantchito, Dairo.

Kampani yawo inkasamala makompyuta olandira maoda a mankhwala kuchokera m'mafamase a m'tauni. Makompyutawo ankagwira ntchito ngati gulu limodzi, ndipo ankafunika kapitawo wake, pulogalamu yotchedwa opareta, yodzutsa chilichonse chikagwa. Chovuta chinali kuiyika. Munthu unkalemba malamulo tsiku lathunthu, ukaphonya kachilembo n'kuyambiranso. Yuliana anakhala akulimbana nazo kuti zonsezo zilowe mumzere umodzi. Abwana anali atanena poyera: zikatheka lero mukavine, zikakanika kanivalo mudyera pompano.

"Dinani achemwali," anatero Dairo. "Siketi yanu yovinira ija ichita nkhungu."

"Khala chete iwe. Umavina ngati ukupha mphemvu."

Yuliana anadina batani. Timizere tobiriwira tinayamba kutsika pasikirini, opareta n'kudzuka yokha. Dairo anakuwa, n'kuyamba kuimba ng'oma patebulo.

Kenako, go go go, pachitseko.

Anayang'anana. Geti la pansi anali atalikhoma Dairo yemweyo.

Analowa bambo wachikulire, wamtali, wowonda, atavala malaya a maluwamaluwa. Nkhope yake inali mbuu, ngati amuwaza ufa umene anthu amawazana pa kanivalo.

"Ndamva kuti ntchito ija mwaifupikitsa," anatero mwansangala.

Yuliana anangoti mumtima ndi mnzawo wa abwana. Bamboyo anawerama paphewa pake, ndipo Yuliana anamva kuzizira ngati wina watsekula firiji.

"Mzere umodzi basi? Nanga kompyuta imodzi ikafa usiku, adzuke ndani, mwana wanga?"

"Palibe, bambo. Opareta isamutsa yokha ntchito."

"Tione."

Anayenda kupita kuchipinda cha makina. Chitseko chake sichitseguka popanda khadi. Chinatseguka.

Thu! Chingwe cha kompyuta imodzi chinazuka. Sikirini inafiira. Yuliana anagwira pakamwa. Maoda a odwala anali kulowabe, ndipo izi anali asanaziyesepo pamakina enieni. Dairo anauma ali chiimire. Mzere umodzi unabiriwira. Wina. Winanso. Ntchito yonse inasamukira kumakompyuta otsala, oda ngakhale imodzi osatayika.

M'chipinda muja munaphulika chiseko. Chiseko chachikulu, cha munthu amene watula katundu. Anamva kuomba m'manja, kenako mapazi akukhwekhwereza pansi motsatira ng'oma za kunja zija.

Kenako zii.

"Pita ukaone," ananong'ona Yuliana.

"Pitani ndinu, pulogalamu ndi yanu."

Anapita onse, atagwirana malaya. Chipindacho chili ndi khomo limodzi, zenera mulibe. Munalibe munthu. Chingwe chinali pansi, chitakulungidwa bwinobwino. Yuliana anachibwezera, ndipo onse awiri masitepe anatsika osawaona.

Pakona anapeza Doña Herminia, mayi wokazinga maarepa, zitumbuwa za chimanga, amene wakhala pamenepo kuyambira nyumbayo isanapakidwe penti. Anamufotokozera zonse, iye n'kumawamvetsera osasiya kutembenuza.

"Wamtali, wowonda? Ameneyo ndi Don Nicanor. Ndiye anayamba kusamala makina anuwo. Kanivalo iliyonse ankatsika atatchena, akafika pano foni n'kulira, iye n'kubwerera pamwamba. Mpaka tinamuika m'manda asanavinepo."

Dairo anakhala pansi pamsewu pomwepo.

Mayiyo anatsitsa mawu. "Alonda amati chaka chilichonse amamumva akuzungulira mmenemo. Koma kuseka? Ayi, kumeneko n'koyamba."

Anakulunga arepa yotentha, n'kumupatsa Yuliana m'manja.

"Idya, mwana wanga, upeze mphamvu. Mawa ukamva wina akuvina kumbuyo kwako, usacheuke. Ungosendera pang'ono, umupatse malo."