Mlomo wa Declan

Tahlia anamuona Declan koyamba kuseri kwa waya pabwalo la besibo, masewero oponya mpira wina n'kuumenya ndi chibonga, ku Geelong, pomwe oponya mpira amadikirira kuitanidwa. Declan sankayamba nawo masewero. Ntchito yake inali kulowa kumapeto, zinthu zikathina, kudzapulumutsa timu.

"Chiphadzuwa, wakha!" anatero, n'kumuponyera mpira. Pampirapo panali nambala ya foni.

Basitu, mwana wamkazi anagwa m'chikondi mutu ndi miyendo yomwe! Kwa zaka ndithu ankavala golovesi n'kumawakha mipira ya Declan kuseri kwa nyumba, chikhatho mpaka kutupa. M'menemo ndi momwe anaonera kanthu kena: Declan akafuna kuponya mpira wonyenga, uja wobwera mwaulesi n'kukhota, ankayamba waluma mlomo wam'munsi. Tahlia sanamuuze. Ankangoona ngati kachizolowezi kokongola.

Nanga mameseji ake? Uchi wokhawokha. "Wapamtima, a ku Amereka akanditenga, ndegeyo tikwera awiri. Ndiwe mpweya wanga."

Tsiku lina, mawa lake kukubwera bambo wosaka osewera wochokera ku Amerekako, foni ya Declan inawala patebulo. "Bebi, diresi laukwati lafika. Ndine wako Shannon."

"Declan, Shannon ndani?"

"Aa, msuweni wanga, switi."

Analuma mlomo.

Mtima wa Tahlia unasweka, koma sanalire. Alirirenji chitsiru? Anatuluka panja n'kuimbira Kieran, mchimwene wake, womenya mpira mu timu yomwe inkakumana ndi ya Declan.

"Achimwene, mawa muzimuyang'ana pakamwa. Akaluma mlomo, dikirani wokhota uja."

"Iwe mlongo, ukudziwa kuti umuphera tsogolo?"

"Nanga langa walisiya lamoyo?"

Masana a tsiku la masewerolo dzuwa linaswa mtengo. Timu ya Declan inkatsogola pang'ono pomwe anamuitana. Analowa monyang'wa, n'kumuponyera Tahlia kisi, wopanda ndi manyazi omwe. Mlendo wa ku Amereka uja anatulutsa kamakina kake koyezera liwiro la mpira.

Kieran anaima ndi chibonga chake, phee. Declan analuma mlomo.

Phaa! Mpira unadumpha mpanda, kukagwera pakati pa magalimoto, timu ya Kieran n'kukolola mapointi. Womenya wotsatira naye phaa! Winanso phaa! Kieran anali atanong'oneza timu yonse. Kochi wa Declan anabwera wera-wera kudzamulanda mpira, ndipo mlendo uja analongedza kamakina kake n'kunyamuka masewero asanathe.

Declan anamupeza Tahlia pawaya pomwe paja, maso ali psuu.

"Dalingi, zanga zada. Ndatsala ndi iwe wekha. Za Shannon ndathana nazo, ndikulumbira!"

Tahlia sanamvere mawuwo. Anangoyang'ana pakamwa, n'kudikira. Mano a Declan anatsikira pamlomo.

Tahlia anapisa dzanja m'chikwama, natulutsa mpira wakale uja, nambala itafufutika, n'kuuponya pamwamba pa waya.

"Wakha, wapamtima. Ukam'patse msuweni wako."