Kabotolo ka Dokotala Rodrick

Anawabaya kuseri kwa shedi, pakati pa matumba a mtedza.

Linali Lachisanu m'mawa pa Nsaru, nyengo yogula mbewu. Eliza anali pa sikelo, alimi atandanda mpaka kumsewu. Anaona amuna ake, a Isaki Kwenda, akulowera kuseri ndi mlendo wovala gawuni yoyera, m'manja muli kabokosi kabuluu. Sanachedweko. Mlendoyo anakwera njinga yamoto yofiira n'kulowera msewu wa ku Kabudula. A Isaki anabwera akupisira malaya.

"Ndani ameneyo?" anafunsa Eliza.

"Mnzanga wa ku tauni."

"Mnzanu wovala za kuchipatala?"

"Yezani mtedza, mayi a Sarah. Anthu akudikira."

A Isaki anali munthu wa thupi. Kale zinkawasangalatsa, poti pa Nsaru mimba yotero ankaitcha ya bwana. Koma zaka zaposachedwa mawondo anayamba kuwakana, magazi ankathamanga, ndipo akayenda pang'ono ankapuma mwa wefuwefu. Ukwati wa mwana wawo Sarah, yemwe ankaphunzitsa ku Kabudula, unali pafupi. Eliza ankawaona akudziyang'ana pa galasi la galimoto.

Dzuwa lisanafike pamutu, a Isaki anayamba kulakwitsa mayina a anthu. Thukuta linali kamukamu, chonsecho kunja kunali mphepo ya June. Manja ankanjenjemera. Anakalipira mlimi wina popanda chifukwa, kenaka anaseka okha.

"Bwana alawa kam'mawa," anatero wina pamzere.

Eliza ankadziwa kuti amuna ake mowa samwa. Asanafike pomwe anaima, a Isaki anapinda mawondo n'kugwera pa thumba la soya. Maso anatembenuka.

Amuna angapo anathandizana kuwakweza kumbuyo kwa pikapu. Eliza anagwira yekha chiwongolero. Shedi anaisiya yosatseka, sikelo ili panja.

Kuchipatala namwino anawabaya chala n'kuyang'ana kamakina. Nkhope yake inasintha. Anathamanga kukaitana dokotala, mayi wamtali wotchedwa Mirriam Chinkhota.

"Amadwala shuga?" anafunsa dokotala uku akufunafuna mtsempha.

"Ayi. Bipi basi."

"Shuga wawo watsikiratu. Amwa chiyani? Abayidwa chiyani?"

Eliza anakumbukira gawuni yoyera ija. Anapisa m'matumba a jekete la amuna ake. Anapeza makiyi, foni, ndi kabotolo kakang'ono kokulungidwa m'kansalu konyowa. Panali pomatidwa kapepala konyezimira, kokhala ndi chithunzi cha mkazi wa chiuno chowonda.

Dokotala anamatula kapepalako ndi chikhadabo. Pansi pake panali zilembo zina.

"Insulini," anatero motsitsa mawu. "Mankhwala a anthu odwala shuga. Ukabaya munthu wosadwala, shuga wake amagwa. Akhoza kugona osadzukanso."

Anawaika diripi ya shuga. Eliza analephera kukhala pansi. Ankayenda kuchoka pa bedi kukafika pa zenera, n'kubwereranso. Namwino anaimbira apolisi. Patapita kanthawi a Isaki anaphethira, n'kufunsa komwe anali.

Sajenti Gladson Kamwendo anafika pa kabaza, poti galimoto ya apolisi inali itapita kwina. Anali munthu wamfupi, wosachulutsa mawu. Anaima kumiyendo kwa bedi.

"Wakubayani ndani, bambo?"

A Isaki anayang'ana kukhoma. "Amati Dokotala Rodrick."

"Munakumana naye kuti?"

"Anandipeza pa shedi sabata yatha. Anati ali ndi jakisoni wochepetsa thupi, wa kunja, uja amabayitsa anthu a ndalama. Anati pomafika ukwati ndikhala nditaphwa. Kabotoloko anandisiyira kuti adzandibayenso Lachisanu linalo."

"Osandiuza ine?" anatero Eliza.

"Mukanandiseka."

"Ndikanakusekani, inde. Koma mukanakhala mutaima pa sikelo panopa."

Sajenti anatembenukira kwa dokotala. "Kodi jakisoni wotereyu alipodi, kapena ndi nthano?"

"Alipo," anayankha dokotala. "Munthu akadya, matumbo amatulutsa timadzi tokauza ubongo kuti wakhuta. Jakisoni weniweniyo amatsanzira timadzi timeneto. Chakudya chimakhalitsa m'mimba, njala imachepa, munthu amadya pang'ono. Ambiri amabaya kamodzi pa sabata, ndipo thupi limatsika pang'onopang'ono, kwa miyezi. Timayamba ndi mlingo wochepa chifukwa amachititsa nseru. Koma salembedwa munthu asanayezedwe."

"Ndiye kuti ine sakanandiyenera?" anafunsa a Isaki.

"Inu mwina akanakuyenerani. Ndi wa anthu amene kunenepa kwayamba kuwadwalitsa, a bipi, a shuga, a mawondo ngati inu. Tikanakuyezani kaye, n'kukambirana za kadyedwe ndi kuyenda, chifukwa payekha sakwanira. Woyembekezera sitimupatsa. Woyamwitsa ayi. Mtsikana wongofuna kukwana m'diresi, ayinso."

A Isaki anayesa kudzuka. Diripi inagwedezeka.

"Sarah," anatero.

"Watani Sarah?" anafunsa Eliza.

"Ankadandaula kuti diresi ikumuthina. Ndinamupatsa Rodrick nambala yake. Anati lero masana akhala ku Kabudula, pa saluni pomwe Sarah ndi operekeza ake amaphunzirira masitepe. Akawabaya onse."

Eliza anaimba foni. Inalira mpaka kuduka. Anaimbanso. Palibe anayankha. Ankadziwa chifukwa chake: akamaphunzira masitepe, nyimbo zimakhala pamwamba, mafoni ali m'zikwama.

"A Sajenti, galimoto ili panja," anatero Eliza.

Dokotala anawatsatira mpaka pakhomo. "Mukapeza wina wabayidwa kale koma akutha kumeza, mumwetseni madzi a shuga wambiri, msangamsanga. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa. Muthamange naye kuchipatala."

Msewu wa ku Kabudula unali wa fumbi ndi mabampu. Eliza anaponda moto. Anadutsa ngolo za fodya, njinga zodzaza makala, gulu la mbuzi lomwe linabalalika mbali zonse. Sajenti anagwira chitseko ndi dzanja limodzi, linalo akuimbira anzake a ku Kabudula. Netiweki inkabwera n'kuchoka.

"Chepetsani pang'ono, mayi. Tikagwera m'ngalande sitithandiza munthu."

"Imbaninso ya Sarah."

Anaimba. Inalira osayankhidwa.

Eliza ankaona nkhope ya mwana wake patsogolo pa galasi. Sarah sanali wonenepa. Anali ndi thupi la amayi ake, lodzaza bwino, lomwe Eliza pa utsikana wake ankayenda nalo monyada. Ndani anamuuza kuti likufunika kuchepetsa? Anakumbukira tsiku loyeza diresi, iye mwini akukoka zipi n'kunena mwanthabwala kuti, uchepetseko mandasi. Anakukuta mano n'kusintha giya.

Njinga yofiira anaiona asanaone saluni. Inali pansi pa mtengo wa kesha, pafupi ndi pomwe amaima a kabaza. M'kati nyimbo zinali phokoso. Eliza anasiya injini ikulira.

M'chipinda choyamba atsikana awiri ankavina, mmodzi atavala nsapato zazitali. Anaima atamuona.

"Amayi, mwabwera?"

"Sarah ali kuti?"

Analoza katani ya kuseri.

Eliza anaikoka. Sarah anakhala pa mpando wochapira tsitsi, atakwinya bulauzi, pamimba pali poyera. Mwamuna wa gawuni yoyera anali atawerama, jakisoni ali m'dzanja, thonje lili m'dzanja linalo. Pa benchi panakhala mtsikana wina, Nellie, mnzake wa Sarah wa kusukulu, akudzikupiza ndi kope.

Eliza anamenya dzanja la mwamunayo. Jakisoni anagwera pansi n'kugubudukira kunsi kwa sinki.

"Amayi, mukutani?" anatero Sarah.

"Wakubaya?"

"Ayi, amati ayambe kumene. Wayamba ndi Nellie."

"Mayi, mukusokoneza ntchito ya chipatala," anatero Rodrick, mawu ake ali osalala. "Ine ndili ndi mapepala onse." Kenaka anaona yunifolomu kumbuyo kwa Eliza. Anakankha mpando, nalumphira pa chitseko cha kuseri.

Sajenti anamutsatira. Eliza anatsala ndi Nellie. Mtsikanayo anali atayamba kutuluka thukuta pamphuno.

"Ndikumva njala yachilendo," anatero Nellie. "Mtima ukugunda."

"Shuga. Ndani ali ndi shuga muno?"

Mwini saluni anabweretsa kachitini ka shuga wa tiyi. Eliza anakhuthulira m'kapu, nathira madzi, natakasa ndi chala. Anagwira Nellie kumutu ngati khanda.

"Imwa yonse. Sarah, thamangira ku okala ukatenge chakumwa chotsekemera ndi mabanzi. Abambo ako ali pa diripi chifukwa cha munthu ameneyu."

Sarah anatuluka osavala nsapato.

Kunja kunamveka mapazi ndi mawu ambiri. Eliza anasuzumira pa zenera. Rodrick anali atazungulira nyumba n'kufika pa njinga yake. Anaponda kamodzi, siinalire. Anapondanso. A kabaza anali atamva sajenti akukuwa kuti agwidwe, ndipo mmodzi anayendetsa njinga yake n'kuimika chopingasa kutsogolo. Rodrick anasiya yakeyo n'kuthamangira kumsika. Gawuni inakodwa pa thandala la tomato. Anagwa chafufumimba, tomato ali balala.

Anthu anaunjikana msanga. Wina anali atatola kale njerwa.

"Wakuba chiyani?"

"Akuti amabaya anthu poizoni."

Sajenti anaima pamwamba pa Rodrick, manja atatambasula. "Womukhudza agona naye m'chitokosi. Munthuyu ndikumufuna wamoyo. Alipo ena amene wawabaya, ndipo akudziwa ndi iye yekha."

Njerwa inatsika. Unyolo unalira.

Anamukweza Rodrick kumbuyo kwa pikapu. Nellie anamukhazika kutsogolo pakati pa Eliza ndi Sarah, akudya banzi, kuti akaonedwe kuchipatala cha pafupi. Asananyamuke, sajenti anatsegula kabokosi kabuluu pamwamba pa boneti. Munali majakisoni, mpukutu wa timapepala tonyezimira tija, ndi timabotolo tingapo. Tina tinali tikadali m'timakatoni take, tolembedwa mayina ndi cholembera.

"Mayina awa ndi a ndani?"

Rodrick anayang'ana pansi. Magazi ankatuluka pachigongono.

"Ndikufunsa."

"A kumudzi kwathu, ku Nambuma. Odwala shuga. Ndi okalamba, sangayende. Ndimakawatengera mankhwala mwezi ndi mwezi."

"Ndiwe dokotala?"

"Ndinkakolopa pa kachipatala kena ku tauni. Ndinkaona mmene amabayira."

"Nanga eni mankhwalawa ukumawapatsa chiyani?"

Rodrick anapukuta magazi pachigongono.

"Timabotolo takale. Ndimathiramo madzi."

Eliza anatsika m'galimoto. Anatenga kakatoni kamodzi n'kuwerenga. "Felesita Mlongoti." Anatembenukira kwa sajenti, yemwe anali atagwira chiphaso cha Rodrick chochokera m'chikwama chake. Sajenti anamuonetsa. Dzina la bambo linali lomwelo.

"Ndi ndani wako ameneyu?" anafunsa Eliza.

"Amayi anga."

"Akubayidwa madzi?"

"Ndimati ndikapeza bwino ndiwagulira ena. Sindinkadziwa kuti zingafike apa."

Eliza anafuna kumumenya, koma dzanja linalemera. Anabwezera kakatoni m'bokosi mosamala, natseka chivundikiro kuti kasatenthedwe ndi dzuwa.

Atasiya Nellie m'manja mwa anamwino ndi Rodrick m'manja mwa apolisi, sajenti anati ayenera kupeza njira yofikira ku Nambuma tsiku lomwelo. Eliza anayang'ana mafuta. Anayang'ana Sarah.

"Iwe kwera kabaza, ukakhale ndi abambo ako. A Sajenti, tiyeni."

Anafika dzuwa litapendeka, ali ndi namwino mmodzi. Nyumba inali ya njerwa zosawotcha, kumapeto kwa mudzi. Mayi Felesita anagona pa mphasa pakhonde, ataonda, milomo itauma, pambali pali chidebe cha madzi omwe ankangomwa osakhuta. Atamva galimoto anadzutsa mutu.

"Kodi ndi Rodrick? Wabwera ndi mankhwala?"

Sajenti anayang'ana Eliza. Eliza anagwada pambali pa mphasa.

"Mankhwala abwera, amayi. Koma tiyeni kaye kuchipatala."

Madzulo omwewo anatenga odwala ena a m'mudzimo. Mmodzi, bambo wachikulire, anali atamwalira sabata yapitayo, ndipo abale ankati ndi ukalamba.

Mlandu unazengedwa ku Lilongwe mvula isanayambe. Rodrick Mlongoti anavomera kudzitcha dokotala, kuba mankhwala ndi kuvulaza anthu. Woweruza anamulamula kukagwira ukaidi wa kalavula gaga kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anati za imfa ya bambo uja zikhala mlandu wapadera.

Pomwe ankamutulutsa, mayi Felesita anali ndi Eliza pa benchi ya panja, thupi litabwererako pang'ono. Anadzuka ndi ndodo. Apolisi anaima. Rodrick anatsegula pakamwa, koma mayiyo anayamba ndiwo.

"Unkandibaya wekha," anatero. "Unkandifunsa ngati zikupweteka."

Anatembenuka, nafunsa Eliza komwe kunali minibasi za ku Nambuma.