Makandulo a pa Chiliza cha Amayi

Pali chinthu chimene ndinakhala zaka osauza munthu aliyense: ine sindimva fungo. Mphuno ndili nayo, ndimapumira bwinobwino, koma mutandiikira duwa kapena nsomba yowola, kwa ine n'chimodzimodzi. Zinayamba chaka cha matenda aja, pamene ine ndi amayi anga, a Akuzike, tinadwalira limodzi. Iwo anawatengera kuchipatala cha ku Thorngrove ndipo sanabwererenso. Ine ndinachirira kunyumba, koma fungo linapita nawo limodzi. Bambo anga, a Robert, ankangokhala pakhonde osalankhula ndi munthu. Ndikanayamba bwanji kuwadandaulira za mphuno? Ndinati libwerera lokha. Silinabwerere.

Patapita nthawi bambo anakwatira Mama Nokuthula, Mndebele wa konkuno ku Bulawayo. Azakhali a Christina, mlongo wawo wamkulu wa bambo amene amakhala ku Luveve, sanabise kuti ukwatiwo sunawasangalatse.

"Akazi a kwathu atha, Robert? Kutchalitchi kuja adzaza mabenchi, iwe n'kukatola woti Chichewa amachita kutafuna ngati chingamu."

Mama Noku anafika kwathu ku Emakhandeni ndi sutikesi, mapoto awiri ndi thumba la phula. Ntchito yawo inali yopanga makandulo a m'mabotolo, ndi timibulu ta phula tonunkhira timene anthu amaika pa kambale pamwamba pa kamoto, tikasungunuka n'kudzaza fungo m'nyumba. Ine ndinkawazemba. Ndikachoka kusukulu ndinkangolowa kuchipinda.

Tsiku lina anandigogodera. M'manja munali kandulo imodzi yachikasu. Anali atafunsa bambo chimene amayi ankakonda, ndipo bambo anawauza za udzu wa mandimu umene amayi ankathira mu tiyi.

"Tanunkhiza, mntanami, mwana wanga," anatero. "Ikufanana ndi kukhitchini kwa amayi ako?"

Ndinaika mphuno pabotolo. Panalibe kanthu. Koma iwo anali munthu woyamba kutchula amayi m'nyumba imeneyo popanda kunong'ona.

"Ikufanana ndendende," ndinatero.

Anandikumbatira akulira. Kuyambira pamenepo ankauza aliyense kuti ine Tinenenji ndili ndi mphuno yakuthwa kuposa yawo.

Nditamaliza Fomu 4 ndinalowa nawo mushedi ya kuseri kwa nyumba. Anandiphunzitsa zonse. Phula saliika pamoto penipeni, poto wake amakhala m'kati mwa poto wina wa madzi otentha. Poto wa phula sabwereranso kukhitchini. Mafuta onunkhiritsa sathira phula likadali lotentha kwambiri, fungo limathawa ndi nthunzi. Umadikira lizizireko, kenako n'kutakasa pang'onopang'ono ngati ukuopa kulidzutsa. Botolo ulifunditse kaye, ukathira m'botolo lozizira phula limachoka m'mbali. Chingwe umachimata pansi pakati penipeni, pamwamba n'kuchipana ndi pegi ya zovala kuti chisapendeke. Zikauma umatseka, n'kuzisiya masabata awiri kuti fungo likhazikike.

"Ndipo pa gulu lililonse yatsapo imodzi usanagulitse," ankatero. "Ikafuka utsi, chingwe chakula. Ikakumba dzenje pakati, chachepa. Kasitomala asadzakuuze ndi iyeyo."

Zogulitsa ankazidziwanso. Magetsi akayamba kuthimathima, ndinkajambula makandulo pafoni pafupi ndi zenera n'kuika pa WhatsApp. Wogula kandulo ankamuponyera kam'bulu kamodzi kaulere, ndipo sabata yotsatira ankabwera kudzafuna paketi. Pa paketi iliyonse tinkalemba kuti si zodya, chifukwa mwana wa aneba analumapo kamodzi poyesa switi, n'kulavula m'mawa wonse.

Zonsezi ndinkazitha ndi maso ndi manja. Za fungo ndinkawerenga pabotolo, kenako n'kuyang'ana nkhope yawo. Akamwetulira, ndimati zili bwino. Akakwinya, ndimati zachepa. Sanandigwirepo.

Chaka chino zinthu ziwiri zinafikira limodzi. Mama Noku anatenga pakati, ndipo abale anagwirizana zovundukula chiliza cha amayi. Pa msonkhano wa banja, azakhali ananena kuti obwera adzapatsidwe makapu oti akakumbukirepo. Mama Noku anapempha ndi mawu otsika kuti apange makandulo a udzu wa mandimu, aliyense akatenge yake.

"Mkazi wachiwiri kupangira woyamba mphatso?" azakhali anaseka. "Zimenezi sindinazionepo. Chabwino makoti, mtengwa wathu, tiona."

Koma mimba ija inadana ndi fungo. Mama Noku akangoyandikira shedi ankathamangira kuseri kukasanza. Choncho ntchito yonse inagwera ine. Iwo ankakhala pa mpando pakhomo la khitchini, nsalu ili pamphuno, n'kumafuula.

"Lazizira, Tine? Usathamange!"

Pa shelefu panali mabotolo awiri ofiirira, ofanana ngati mapasa. Lina linali la udzu wa mandimu. Lina linali la sitronela, mafuta amene timathira m'makandulo othamangitsa udzudzu nthawi ya mvula. Mayina tinalemba ndi cholembera pagalasi, koma mafuta anali atayenderera n'kufufuta zonse. Ndinawatembenuza, ndinawaunika padzuwa. Onse achikasu.

"Mama, la mandimu ndi liti?" ndinafuula.

"Hayi bo, ukundifunsa ine? Tsegula, mphuno yako ikuuza!"

Ndinatsegula. Ndinanunkhiza lina, kenako lina, mpaka misozi inatuluka. Apa m'pamene ndikananena. Koma ndinaganiza za kandulo yoyamba ija, ndi mmene anandikumbatirira. Ndinatenga lomwe linali kutsogolo n'kuthira.

Ndinayatsa imodzi yoyesera monga mwa lamulo lawo. Lawi linaima bwino, utsi panalibe, phula linasungunuka mpaka m'mbali.

"Ikununkhira bwanji?" anafunsa ali patali.

"Ngati kukhitchini kwa amayi."

Ndinatseka mabotolo onse, n'kuwalongedza m'makatoni.

Tsiku la chiliza kumanda kunayenda bwino. Tinaimba, abusa anapemphera, bambo anachotsa nsalu pamwala ndipo dzina la amayi linaonekera. Titabwerera kunyumba masana, anthu anadzaza pabalaza mpaka pakhonde. Azakhali anaimirira n'kunena kuti tisanadye tiyatse makandulo angapo pafupi ndi chithunzi cha malemu. Amayi a mvano anatsegula katoni n'kuyamba kuyatsa.

Ine sindinamve kanthu. Ndinangoona nkhope zikusintha. Mayi wina anakhosomola. Wina anayang'ana mnzake n'kugwira pakamwa. Mwana wina anafuula ndi Chindebele kuti kukununkha mankhwala a udzudzu, ndipo anyamata a pakhonde anaseka.

Azakhali ananyamula kandulo imodzi, ananunkhiza, n'kuiika pansi mwamphamvu mpaka phula linatayikira pa nsalu ya tebulo.

"Makoti! Tabwera kuno!"

Mama Noku anatuluka kukhitchini atagwira mbale. Atangofika pakhomo anatseka mphuno, maso ali psuu.

"Ichi n'chiyani? Mlamu wanga Akuzike wasanduka udzudzu? Lero, tsiku lake, pamaso pa chithunzi chake, ukumufukiza kuti achoke m'nyumba mwake?"

"Alamu, ayi, si choncho..."

"Usanditchule mlamu! Ndinadziwa ine. Munthu sangangodzipereka choncho popanda chimene akufuna. Mimba yakula, ndiye wati mzimu wa mwini nyumba uchoke, mwana wako apeze malo. Ukudziwa kuti anthu awa akanyamula makandulo amenewa, Emakhandeni yense akhala akuseka dzina la malemu?"

"Achemwali, anthu akumva," bambo anatero motsitsa.

"Amve! Iwe Robert, unakhala chete pamene ndinkakuletsa. Lero ukhalanso chete mkazi wako akunyozedwa m'manda?"

Bambo anatembenukira kwa Mama Noku. Nkhope yawo inali ngati ya masiku a pakhonde aja.

"Noku, wathira mafuta amenewa ndani?"

Ndinali nditaima pafupi ndi firiji.  Mama Noku anandiyang'ana kamodzi kokha, kenako anayang'ana pansi.

"Ndine, baba. Ngiyaxolisa, pepani. Ndine ndinalakwitsa."

"Wamva?" azakhali anawomba m'manja. "Wavomera yekha. Apite kwawo akapume, akulu akambirane. M'nyumba muno lero sagonamo."

Bambo anatembenuka. Anayang'ana chithunzi cha amayi, anapukuta m'maso, n'kutuluka panja. Mama Noku anaika mbale ija patebulo bwinobwino, analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko. Amayi a mvano anayamba kuzimitsa makandulo mmodzimmodzi.

Ndinadikira pang'ono, kenako ndinawatsatira. Sutikesi imene anabwera nayo ija inali pabedi. Ankapinda zovala misozi ikugwera pomwepo, osaipukuta.

"Tseka chitseko," anatero osandiyang'ana.

Ndinatseka.

"Sindiwauza bambo ako, usaope. Ataya kale mkazi mmodzi, asayambenso kukayikira mwana wawo." Anapinda siketi, n'kuipindanso. "Koma ndiuze ineyo, Tine. Mafuta awiri aja mwana wa kusukulu ya mkaka sangawasokoneze. Ndiye iwe? Iwe amene umandiuza kuti apa lachepa, apa lakwana? Unayatsa yoyesera, ndinakufunsa, unandiyankha."

"Mama..."

"Ndimayesa tikugwirizana, mntanami. Ndimayesa mushedi muja timaseka zoona. Ngati mimbayi yakupweteka mtima, ngati ukuona kuti ndikulanda malo a amayi ako, ukanangondiuza. Ndikanamva. Koma kudikira tsiku la lero, anthu onsewa?"

 Mawu analipo, koma anali atakhala pansi nthawi yaitali moti sankadziwanso njira. Anandiyang'ana, akudikira. Ine ndinangolira. Iwo anagwedeza mutu ngati ndayankha, anatseka zipi, n'kunyamula sutikesi.

Anadutsa pabalaza anthu atangoti zii. Azakhali anali atakhala pampando wa bambo, manja atapinda pachifuwa. Palibe amene anawalandira Mama Noku katunduyo, ngakhale mimba inkaoneka. Ndinaima pazenera n'kumawaona akutsika masitepe, akupumira pa mzere wa udzu wa mandimu umene iwo omwe ankauthirira chifikireni, chifukwa ine ndi bambo tinali titausiya kuti uume. Bambo anali pageti, atagwira chitsulo. Anawatsegulira osawayang'ana. Kumsewu kombi inali ikuimba hutala.

Sindikudziwa kuti ndinatuluka bwanji. Ndinangopezeka ndatola kandulo imodzi patebulo, ndikuthamanga wopanda nsapato, ndagwira chogwirira cha sutikesi.

"Tinenenji, bwerera m'nyumba!" azakhali anafuula ali pakhonde. "Musiye apite!"

"Ndinathira ndine," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinabwereza mokweza mpaka a pakhonde anamva. "Mafuta aja ndinathira ndine! Mama sanalowe mushedi mwezi wonse, amasanza. Funsani aneba."

Bambo anasiya geti.

"Iwe? Pa chiliza cha amayi ako? Chifukwa chiyani?"

"Akumuphimba," azakhali anatero akutsika masitepe. "Wamunyengerera mwanayu. Tine angasokoneze fungo? Si yemweyu amamutama tsiku lililonse?"

Mama Noku ankakoka sutikesi pang'onopang'ono kuti ndiisiye. Sindinaisiye. Ndinakweza kandulo ija mpaka inagunda mphuno yanga, ndinakoka mpweya wonse, anthu onse akuona.

"Palibe," ndinatero. "Baba, palibe chimene ndikumva. Chidwalireni ndi amayi, fungo linachoka. Nyemba zija zinkapserera ine ndili pomwepo, munkati ndine wamphwayi. Sindinkamva. Ndinaopa kukuuzani, munali mukulira kale."

Bambo anagwira pakamwa. Azakhali anaima pakati pa bwalo, mkono umene ankalozera nawo unatsika wokha. Kombi inaimbanso hutala, kenako inanyamuka.

Ndinatembenukira kwa Mama Noku. Apa ndiye panali povuta, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikuwalanda chinthu chimene ankachisunga mumtima.

"Kandulo yoyamba ija, Mama, imene munandigogodera nayo. Sindinaimve. Ndinati ikufanana chifukwa sindinkafuna kuti mutuluke m'chipinda muja." Ndinagwiritsa chogwirira ndi manja onse awiri. "Mpaka lero sindikufuna kuti mutuluke."

Zala zawo zinamasuka pa sutikesi, ndipo kulemera kwake konse kunatsalira m'manja mwanga.